Sola padenga ku Scotland: mafunso amene Amalawi okhala kuno amafunsa kawirikawiri

Bilu ya magetsi ya mu Januwale ikafika, Mmalawi amene wagula nyumba ku Glasgow, Dundee kapena Aberdeen amayamba kuganiza zakumudzi: bwanji ndingoika sola padengapa? Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera mobwerezabwereza. Mitengo yatchulidwayi ndi ya cha mu 2025, ndipo imasinthasintha.

Kodi sola imagwira ntchito kudziko la mitambo ngati lino?

Imagwira. Mapanelo safuna kutentha kwa dzuwa, amafuna kuwala kwake, ndipo kuwala kumadutsabe ngakhale kuli mitambo. Kungoti tsiku limene kwachita mitambo ya bii, magetsi amatuluka ochepa kwambiri, mwina gawo limodzi kapena awiri mwa magawo khumi a mphamvu yonse ya mapanelowo.

Kuzizira nakonso si mdani. Mphamvu imene imalembedwa pa panelo inayesedwa pa madigiri 25, ndipo panelo ikatentha kupitirira pamenepo, digiri iliyonse imadya pafupifupi 0.3 kapena 0.4 peresenti ya magetsi. Panelo ili pamalata ku Nsanje mu Okutobala imawauka n'kutayako mphamvu, pomwe inzake ku Aberdeen, m'mawa wa mu Epulo kutayera mbee, imagwira ntchito mosanyinyirika. Vuto la kuno lagona pena, monga muone pa funso lachitatu.

Magetsi ake amachuluka bwanji poyerekeza ndi a ku Malawi?

Pafupifupi theka. Kukula kwa sola amakuyeza mu makilowati. Mapanelo 9 kapena 10 a masiku ano amakwana makilowati 4, ndipo ndi amene amaikidwa pa nyumba zambiri. Ku Scotland kilowati imodzi ya mapanelo oikidwa bwino imatulutsa mayunitsi apakati pa 750 ndi 900 pachaka. Ku Malawi kilowati yomweyo imatulutsa mayunitsi 1,600 kapena kuposa. Tikati yunitsi tikunena yomwe ija timagula ku ESCOM, imene pa bilu ya kuno imalembedwa kuti kWh.

Ndiye makilowati 4 kuno akupatsani mayunitsi 3,000 mpaka 3,600 pachaka. Amene ali kugombe la kum'mawa, ku Dundee, Fife ndi East Lothian, amakolola ambiri kuposa a kumadzulo, chifukwa mitambo yochokera ku nyanja ya Atlantic imayamba yakhuthulira mvula ku Fort William ndi Oban isanawoloke mapiri.

Bungwe loyang'anira mitengo ya magetsi la Ofgem mu 2025 linkawerengera kuti banja lapakatikati ku Britain limagwiritsa ntchito mayunitsi 2,700 pachaka. Papepala, sola yanu ikuposa zimene nyumba ikufuna.

Ngati mayunitsi akukwana chaka chonse, ndiye kuti bilu yatha?

Ayi, ndipo apa m'pamene ambiri amakhumudwira. Mayunitsi aja sabwera mofanana mwezi ndi mwezi.

Lilongwe ili pa madigiri 14 kumwera kwa ikweta, n'chifukwa chake usana wakumudzi susintha kwenikweni: maola 11 ndi pang'ono mu Juni, maola 13 mu Disembala. Tinakula tikudziwa kuti 6 koloko madzulo kumada, basi. Glasgow ili pafupifupi pa madigiri 56 kumpoto. Kumapeto kwa Juni dzuwa limatuluka cha m'ma 4:30 m'mawa n'kukalowa 10 koloko usiku itadutsa, usana wa maola 17 ndi theka. Kumapeto kwa Disembala limatuluka cha m'ma 8:45, pofika 3:45 masana lalowa kale. Maola 7 okha. Ndipo m'maola 7 amenewo silikwera. Pa 12 koloko masana limangofika madigiri 11 pamwamba pa nthaka, ngati dzuwa la kumudzi pamene ana akunyamuka kupita kusukulu. Kuwala kwake kumabwera chopendekeka, kofooka, ndipo chumuni cha nyumba yoyandikana nayo kapena mtengo wa tsidya la msewu zimakwanira kuphimba denga lonse.

Zotsatira zake n'zakuti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a magetsi a chaka chonse amatuluka kuyambira Epulo kufika Sepitembala. Sola ya makilowati 4 imatha kupereka mayunitsi oposa 400 mu Meyi, koma mu Disembala osafika ndi 100 omwe. Chimenechi n'chosemphana ndi mmene nyumba imadyera magetsi. Mu Juni nyali siziyatsidwa mpaka usiku kwambiri, zovala zimayanikidwa panja, magetsi n'kumangosefukira. Mu Disembala nyali zimayaka kuyambira masana, makina oumitsira zovala sapuma, aliyense ali m'nyumba, padenga pali zii. Chimanga timasunga m'nkhokwe kuti chitifikitse mu Febuluwale, koma palibe batire ya panyumba imene ingasunge magetsi a mu Juni mpaka Disembala.

Pali zina ziwiri zimene sola siikhudza. Choyamba ndi ndalama ya tsiku ndi tsiku imene kampani imadula chifukwa chongolumikizidwa ku mawaya ake, cha m'ma 50p mpaka 60p patsiku, kaya mwayatsa kanthu kaya ayi. Pachaka imafika pafupifupi £200. Chachiwiri ndi gasi. Nyumba zambiri kuno zimafunditsidwa ndi gasi, ndipo mu 2025 Ofgem inkawerengera mayunitsi 11,500 a gasi pachaka pa banja lomwe lija. Ngati chikukupwetekani m'nyengo yozizira ndi bilu yofunditsira nyumba, mapanelo si mankhwala ake.

Mapanelo ayang'ane kuti?

Kumwera. Amene munaikapo sola kumudzi musasokonezeke: kwathu mapanelo amayang'ana kumpoto ndipo amangopendeka pang'ono, cha m'ma madigiri 15. Kuno dzuwa limadutsa chakumwera chaka chonse, ndipo mapanelo amafuna kupendeka madigiri 30 mpaka 40, zomwe madenga ambiri a kuno ali nazo kale.

Denga loyang'ana kum'mawa ndi kumadzulo si lotaya. Limapereka magetsi ocheperako, mwina ndi gawo limodzi mwa asanu, koma limawapereka m'mawa ndi madzulo pamene anthu ali pakhomo. Loyang'ana kumpoto musavutike nalo. Choopsa kwambiri kuposa mbali ndi mthunzi, pa chifukwa chatchulidwa pa funso lapitali. Woika sola akabwera mu Julayi n'kunena kuti denga lanu lilibe mthunzi, m'funseni kuti mu Novembala zidzakhala bwanji.

Zimadya ndalama zingati?

Sola ya makilowati 4, yopanda batire, kuphatikizapo inveta (chipangizo chosandutsa magetsi a mapanelo kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba), sikafodi (zitsulo zokwerera padenga) ndi ntchito yonse, imakhala pakati pa £6,000 ndi £8,000. Batire imawonjezera £3,000 mpaka £6,000 malinga ndi kukula kwake. Denga la miyala yosalala ya slate, lomwe lili pa nyumba zambiri zakale za ku Scotland, limakweza mtengo chifukwa miyalayo imasweka msanga ndipo ntchito yake njochedwa. Nyumba yaitali imafunanso sikafodi wambiri.

Kuyambira mu Epulo 2022 boma la Britain linachotsa msonkho wa VAT pa kuika sola panyumba, ndipo dongosolo limeneli linaikidwa kuti lifike pa 31 Malichi 2027. Mu Febuluwale 2024 anawonjezerapo mabatire oikidwa paokha.

Funsani mitengo ku makampani atatu, ndipo onse akhale ndi chiphaso cha MCS, chotsimikizira kuti woika sola ndi wovomerezeka ku Britain. Chiphasochi si chokongoletsera: makampani ambiri ogula magetsi amachifuna asanayambe kukulipirani, monga zafotokozedwa pa funso lotsatirali. Mnzanu wodziwa mawaya amene anakuikirani sola ku Area 25 asakwere padenga la kuno.

Magetsi otsala amapita kuti? Ndimva zoti amagulitsidwa.

Amabwerera m'mawaya a kampani, ndipo mumalipidwa. Dongosolo lake ndi Smart Export Guarantee, limene linayamba pa 1 Januwale 2020. Kampani iliyonse yogulitsa magetsi yokhala ndi makasitomala 150,000 kapena kuposa imakakamizidwa kugula magetsi otsala a anthu, koma lamulo silinaike mtengo. Limangoti upose ziro. Ndiye ena amapereka 3p kapena 5p pa yunitsi, ena cha m'ma 15p, ndipo kawirikawiri mtengo wabwinowo amasungira anthu amene amagulanso magetsi kwa iwo. Pamafunika mita yamakono imene imawerenga theka la ola lililonse.

Yerekezani ndi mtengo wogulira, umene mu 2025 unali pakati pa 25p ndi 27p pa yunitsi. Yunitsi imene mwagwiritsa ntchito nokha yakupulumutsirani 26p. Imene mwatumiza kunja yakubweretserani 15p zikayenda bwino, ndipo kampani ikhoza kutsitsa mtengowo chaka chamawa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chapani zovala ndi mbale masana, ndipo musayatse makina onse nthawi imodzi.

Ndalama yanga idzabwerera liti?

Tiyeni tiwerengere limodzi ndi chitsanzo, inu mudzaikemo manambala anu. Mwalipira £7,000, ndipo mapanelo akutulutsa mayunitsi 3,400 pachaka. Popanda batire, banja lambiri limakwanitsa kugwiritsa ntchito lokha gawo limodzi mwa atatu kapena kuposerapo pang'ono. Tinene mayunitsi 1,300. Pa 26p, mwapulumutsa £338. Otsala 2,100 mwagulitsa pa 15p, mwapeza £315. Zonse pamodzi £653 pachaka, kutanthauza kuti £7,000 ija ibwerera patatha zaka pafupifupi 11.

Tsopano sinthani chinthu chimodzi chokha: kampani ikugula pa 5p. Mayunitsi 2,100 aja angobweretsa £105, pachaka mwapeza £443, ndipo mudikira zaka pafupifupi 16. Kusankha kogulitsa magetsi kwadya zaka zisanu.

Mapanelo amakhala zaka 25 kapena 30, mphamvu yake ikutsika pang'onopang'ono, pafupifupi theka la peresenti pachaka. Inveta ndiyo imafa msanga, patatha zaka 10 mpaka 15, ndipo kusintha kwake kumadya cha m'ma £1,000. Phindu lilipo ndithu, koma lili m'zaka za kumapeto. Amene amagwira ntchito za mashifiti, monga anamwino ndi osamalira okalamba omwe ndi ambiri pakati pathu, ali ndi kamwayi kena: panyumba pamakhala munthu masana, ndiye gawo logwiritsa ntchito nokha limakwera.

Kodi batire ndi yofunika?

Kumudzi sola yopanda batire ilibe ntchito, n'chifukwa chake ambiri amadabwa akamva kuti kuno nyumba zambirimbiri zili ndi mapanelo okha. Usiku zimangotapa magetsi a kampani.

Ntchito ya batire kuno ndi kusunga magetsi a masana kuti muwagwiritse ntchito madzulo. Phindu lake ndi kusiyana kwa mitengo iwiri ija. Ngati yakusungirani mayunitsi 1,000 pachaka amene mukanagulitsa pa 15p, koma mwawadya nokha m'malo mogula pa 26p, mwapindula 11p pa yunitsi, £110 pachaka, tisanachotsere magetsi amene amatayika polowa ndi potuluka m'batiremo. Batire ya £4,000 singabweze mtengo wake ndi zimenezo zokha, pomwe chitsimikizo cha mabatire ambiri chimathera pa zaka 10. Ngati kampani yanu ikugula pa 5p, masamu amasintha mokomera batire.

Pomwe batire imadzionetsera ndi m'nyengo yozizira, ndipo n'zoseketsa kuti apa dzuwa silikhudzidwa n'komwe. Makampani ena ali ndi mtengo wotsika kwambiri wa pakati pausiku, makamaka kwa amene ali ndi galimoto yamagetsi. Mumadzaza batire usiku pa mtengo wotsikawo n'kugwiritsa ntchito masana ndi madzulo. Kuyambira Novembala kufika Febuluwale batire imakhala ikudya magetsi a kampani, omwe ku Scotland ambiri amachokera ku mphepo, m'malo ngati Whitelee kumwera kwa Glasgow komwe kuli makina opukusa mphepo 215.

Magetsi akathima, ine ndidzakhala ndikuwala?

Ayi, pokhapokha mutalipirira zimenezo mwapadera. Inveta yolumikizidwa ku mawaya a kampani inapangidwa kuti izizima yokha magetsi akangothima, ngakhale kunja dzuwa likuswa mtengo. Cholinga n'choti isatumize moto m'mawaya pamene amisiri akukonza. Ngakhale batire siithandiza ngati siinalumikizidwe m'njira yoti ithe kudula nyumba ku mawaya a kunja n'kuyamba kuidyetsa payokha. Nenani zimenezi poyamba pomwe, mtengo usanalembedwe.

Kwathu sola timaigulira kuthimathima kwa magetsi. Amene anali kumudzi mu 2022, namondwe Ana ataononga Kapichira n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130, akudziwa. Kuno m'tauni magetsi amatha chaka osathima. Amathima kukabwera mphepo yamkuntho: Arwen mu Novembala 2021 anasiya nyumba zina za ku Aberdeenshire mumdima kupitirira sabata, ndipo Éowyn mu Januwale 2025 anathimitsa nyumba zoposa 100,000 mu Scotland. Taonani miyezi yake. Mikuntho imabwera pamene padenga palibe kanthu.

Bwanji ndingodula mawaya a kampani n'kumadalira sola yokha?

Musayese. Kuti mudutse Disembala mungafunike mapanelo ochuluka kasanu kapena kuposa, mabatire odzaza chipinda, ndi jenereta pambali. Chilumba cha Eigg, kumadzulo kwa Scotland, chili ndi magetsi akechake kuyambira 2008, osalumikizidwa ku mawaya a dziko. Koma anthu a kumeneko anaphatikiza madzi, mphepo ndi dzuwa, mabatire ndi majenereta a dizilo odikirira, ndipo nyumba iliyonse siiloledwa kupitirira makilowati 5 pa nthawi imodzi. Dzuwa likachepa, mvula ndi mphepo zimakhala zachuluka.

Pamafunika chilolezo? Nanga ngati ndili pa lendi kapena m'fulati?

Pa nyumba yanuyanu yoima payokha, kawirikawiri simufunika chilolezo cha khonsolo, ndipo mu 2024 boma la Scotland linafewetsanso malamulowa. Nyumba zakale zolembedwa m'kaundula wa nyumba zotetezedwa zimafuna chilolezo chapadera, ndipo m'madera osungidwa chifukwa cha mbiri yake, omwe ndi ambiri ku Edinburgh ndi Glasgow, muli malire a mbali imene mungaike. Imbirani khonsolo musanalipire kalikonse.

Palinso kampani yosamalira mawaya a m'dera lanu, yomwe ndi yosiyana ndi imene imakutumizirani bilu: SP Energy Networks pakati ndi kumwera kwa Scotland, SSEN kumpoto. Inveta yosapitirira makilowati 3.68 amangoika n'kuwadziwitsa pambuyo pake. Yoposa pamenepo imafuna kupempha kaye. Woika sola ndiye amayendetsa mapepala amenewa.

Ngati muli pa lendi, denga ndi la eninyumba, nkhani yathera pomwepo. Ngati munagula fulati m'nyumba zosanja zija za miyala zotchedwa tenement, kawirikawiri denga limakhudza onse okhala m'menemo, ndipo muyenera kuona zimene mapepala a umwini akunena ndi kugwirizana ndi anzanuwo. Amene anayesapo kusonkhetsa anansi ndalama yokonzera ngalande ya padenga akudziwa kutalika kwa ulendo umenewo.

Boma limathandizapo?

Kupatula msonkho uja, osati kwambiri. Home Energy Scotland, imene imalipiriridwa ndi boma la Scotland, imapereka uphungu waulere, ndipo ndi poyambira pabwino. Kale inkaperekanso ngongole yopanda chiwongoladzanja yogulira mapanelo, koma mu 2024 sola ya magetsi ndi mabatire zinachotsedwamo, ndalama n'kuziloza ku njira zofunditsira nyumba. Mabanja opeza movutikira ali ndi mapologalamu ena, ndipo a Home Energy Scotland omwewo amakuuzani ngati mukuyenera. Wobwera pakhomo kapena woimba foni n'kumati "sola yaulere ya boma, sainani lero", m'tsekereni chitseko.

Ndagula nyumba ili kale ndi mapanelo. Ndichite chiyani?

Fufuzani mwini wake wa mapanelowo. Kuyambira 2010 kufika pa 31 Malichi 2019 kunali dongosolo la Feed-in Tariff, limene linkalipira bwino kwambiri kwa zaka 20 kapena 25. Ngati mapanelo anaikidwa nthawi imeneyo ndipo anali a mwininyumba, malipirowo akhoza kusamutsidwira kwa inu. Koma m'zaka zomwezo makampani ena ankabwereka madenga a anthu, kuika mapanelo awo n'kumatenga malipirowo okha. Mgwirizano woterowo umatsatira nyumba, ndipo umatha kuvuta ku banki yopereka ngongole ya nyumba. Loya wanu aone zimenezi musanasaine.

Chipale, mphepo ndi mbalame sizimaononga?

Chipale chofewa chimaphimba mapanelo, koma pa denga lopendeka chimatsetsereka chokha, ndipo chimagwa m'miyezi imene simukanakolola zambiri. Musakwere padenga kukasesa. Mvula ya kuno imatsuka mapanelo, palibe fumbi lija la mu Sepitembala limene kumudzi limafuna ndowa ndi chinsanza. Mphepo ndiyo yofunika kuiganizira, makamaka kuzilumba ndi m'mbali mwa nyanja, ndipo woika sola ayenera kuwerengera zomangira molingana ndi dera.

Chodandaulitsa anthu ambiri ndi nkhunda. Zimamanga zisa kunsi kwa mapanelo, phokoso m'bandakucha, zitosi m'ngalande. Uzani amisiri aike waya wotchinga m'mbali sikafodi asanachotsedwe. Kudzawaitananso n'kulipira kawiri.

Sola ingandithandize pa madzi otentha ndi kufunditsa nyumba?

Madzi otentha, inde, ngati muli ndi thanki. Pali kachipangizo kotembenuzira magetsi otsala ku thankiyo ngati giza, ndipo kuyambira Meyi kufika Ogasiti gasi mukhoza kumangomuyatsa mwa apo ndi apo. Nyumba zambiri zili ndi boila yotenthetsa madzi pompopompo, yopanda thanki, pamenepo sizitheka. Onaninso mtengo: ngati mukugulitsa yunitsi pa 15p pomwe ya gasi ili cha m'ma 6p kapena 7p, kugulitsa kuli bwino.

Za kufunditsa nyumba, bwererani ku funso lachitatu. Ngati m'nyumba mukulowa mphepo ndipo kudenga kulibe zotchinga kuzizira zokwanira, yambani ndi zimenezo. N'zotchipa ndipo zimabweza msanga kuposa mapanelo.

Nanga kumpoto kwenikweni, ku Shetland kapena ku Norway?

Nkhani ndi yomweyi, kungoti yakula. Lerwick ku Shetland ili pa madigiri 60: usana wosakwana maola 6 mu Disembala, pafupifupi maola 19 mu Juni. Ku Tromsø, kumpoto kwa Norway, dzuwa silituluka n'komwe kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale, kenako kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka chakumapeto kwa Julayi sililowa. Kumeneko ena amaimika mapanelo pakhoma m'malo mwa padenga, kuti chipale chisakhalepo komanso kuti akole dzuwa lotsika ndi kuwala kobwerera kuchokera pa chipale chapansi mu Malichi ndi Epulo.

Ndili ndi £7,000. Ndiike kuno kapena nditumize kumudzi?

Yambani mwadzifunsa kuti m'nyumba muno mukhalamo zaka zingati. Ngati nyumba ndi yanu, denga layang'ana bwino, mulibe ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu, ndipo ana akadali ku pulayimale moti simukusuntha posachedwa, ikani; pakatha zaka 11 kapena 12 zotsalazo ndi phindu. Ngati mapepala anu okhalira kuno ndi a zaka zowerengeka, kapena mtima uli pa nyumba imene mukumanga ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, mudzachoka ndalama isanabwerere, ndipo wogula nyumba sadzakubwezerani yonse.

Mapanelo omwewo kumudzi amatulutsa magetsi owirikiza kawiri, mwezi uliwonse wa chaka. Kuno amachepetsa bilu ya nyumba imene ili kale ndi magetsi. Kumeneko amayendetsa filiji, pampu ya madzi ndi nyale za ana owerenga, mwina pakhomo pomwe mawaya a ESCOM sanafike. Kungoti kumeneko batire ndi yosapeweka, ndipo ndi imene imayamba kufa. Mabatire a asidi otchipa aja, akamakhetsedwa mpaka pansi usiku uliwonse, safika zaka zitatu. Musanatumize ndalama, gwirizanani kuti adzayang'anire ndani, ndipo muuze achibale momveka kuti ayironi ndi mbaula yamagetsi zisalumikizidwe pa sola imene munagulira nyale ndi filiji.